Lumbiro la Maola Awiri

Amalume anga Che Bwanali, amene anakagwirako ntchito kumigodi ali mnyamata, anandichenjeza tsiku limene ndinapita kukawatsanzika. Ndinawapeza pamkeka kuseri kwa mzikiti, akusoka nsapato. Ndinawauza kuti ndapeza ntchito ya m'nyumba ku Joni, ndipo asade nkhawa chifukwa masiku ano si kutali, pa ndege ndi maola awiri okha kuchokera pa Chileka. Sanadzutse mutu. Analuma ulusi n'kunena kuti, "Mwanawe, amene wakuuza za maola awiriwo wakuwerengera za m'mwamba zokha. Munthu sakhala m'mwamba. Ndege imadziwa kuperekeza, kubweza siidziwa."

Ndinaseka. Nthawi imeneyo ndinali ndi mano onse ndipo ndinkaseka chilichonse.

Nkhani iyi sindinauzepo munthu yonse. Anthu a kuno ku Ntaja ukawauza kanthu m'mawa, masana ukakapeza kali pamsika pamodzi ndi tomato. Koma pepala lilibe miyendo, limapita kumene walipereka.

Mwamuna wanga anali atapita ku Nayuchi kukachita geni ya kumalire, ndipo geniyo inamupezera mkazi wina komweko. Anandisiyira mwana mmodzi, Mariamu, ndi munda wotopa. Pakhomo tinalipo atatu: ine, mwanayo, ndi amayi anga.

Amayi anali ndi chinsinsi chawo. Bambo atamwalira, khungu lawo linayamba kutuluka mawanga oyera ngati ufa, kuyambira pamimba, kutsikira m'ntchafu, kenako kumsana. Kumaso ndi m'manja sanafike, pamenepo Mulungu anawachitira chifundo. Kuchipatala anatiuza kuti si khate, sizipatsirana, ndi khungu chabe. Koma a kuchipatala sakhala m'mudzi mwathu. Kuno mkazi wamasiye akatuluka mawanga anthu safunsa dokotala, amafunsana okhaokha kuti anadya chiyani, kapena mwamuna wake uja anamutani. Ndiye amayi anasiya kusamba kumtsinje. Ankasamba m'bafa la udzu kuseri kwa nyumba, ine nditatsekereza pakhomo pake, ndipo kumsana kumene dzanja lawo silinkafika ndinkawatsuka ndine. Ngakhale mlongo wanga Yusufu, wobadwa pambuyo panga, sankadziwa.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, ndikuwatsuka kumsana, anayankhula osatembenuka.

"Iwe, ukudziwa kuti tsiku lomaliza munthu sadzisambitsa yekha."

"Amayi, nkhani zanjinso m'mawa uno?"

"Khala chete umve. Akazi osambitsa maliro a m'mudzi muno ndimawadziwa. Amalumbira kuti zimene aona pansi pa nsalu zimathera pomwepo, koma pakatha sabata umazimva pachitsime. Ine sindikufuna adzandiwerenge mawanga. Udzandisambitse ndiwe. Enawo adzangogwira nsalu ndi kuthira madzi, maso ali kumbali."

"Ndidzabwera, amayi. Ndi maola awiri okha."

"Lumbira."

"Walahi, amayi."

Taonani zimene ndinachita. Ine mwana wa Chisilamu, wobadwira m'mudzi momwe munthu akamwalira m'mawa, dzuwa likamapendeka amakhala ali m'manda, ndinalumbira chinthu choterocho, madzi akundidontha m'zigongono.

Ndege ija popita sindinaikwere. Ndinakwera basi, masiku awiri ndi theka, kudzera pa Mwanza, Tete ndi Zimbabwe, chikwama chili pamiyendo chifukwa sindinafune kuchiika kumene maso anga sakuona. Pofika miyendo inali itatupa ngati mitondo.

Mabwana anga anali amwenye, Asilamu. Ankafuna munthu wa ku Malawi wodziwa chimene chili halali ndi chimene chili haramu m'khitchini, wosafuna kuuzidwa kawiri. Koma ntchito yanga yeniyeni sinali yophika. M'nyumbamo munali agogo, mayi awo a bwana, ofa ziwalo mbali imodzi. Ndinkawadzutsa, kuwanyamula, kuwakhazika pampando wa m'bafa, kuwasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwapesa. M'mawa uliwonse, chaka ndi chaka. Sitinkamvana chinenero. Madzi akatentha ankanditsina pamkono, akazizira ankanditsinanso. Akakhala bwino ankatseka maso n'kumang'ung'udza kanyimbo kakwawo. Thupi lawo ndinalidziwa ngati munda wanga, pamene pali chipsera, pamene pamapweteka kukazizira. Nthawi zina ndikuwatsuka kumsana ndinkadabwa kuti msanawu ulibe mawanga, kenako n'kukumbuka kumene ndili.

Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja ndi mayi wina dzina lake Felesiya, wogwira ntchito nyumba yoyandikana nayo. Kwawo kunali ku Nkaya, ku Balaka, kumene kale ankagulitsa nthochi ndi mandasi m'mawindo a sitima. Anali Mkatolika, wamkamwa mosatseka. Sabata yoyamba ndinkagona ndi chikwama changa kumutu. Anaona, koma sananene kanthu. Tsiku lina anandipeza ndikununkhiza mchere umene anandipatsa.

"Mayo ine! Mpaka mchere? Inu dzina lanu kuyambira lero ndinu Abiti Chikayiko."

Dzinalo linandikakamira. Iye akamawerenga korona ine ndinkakhala chete, ine ndikayala mkeka wa swala iye ankazimitsa wailesi. Mwezi wa Ramadhani ankadyera panja, kuseri kwa thanki, kuti fungo lisandivute, ngakhale kunja kukuzizira. Kuzizira kwa ku Joni si kwa kuno. Kumang'amba zala. Felesiya ankatenthetsa njerwa pa chitofu, kuikulunga m'chitenje n'kuiika pakati pa mapazi athu. Masiku amene anthu a kumeneko ankathamangitsa alendo, tinkagona nsapato zili kumapazi, ndipo iye ankandinong'oneza nthabwala mpaka mantha atachepa.

Nyumbayo inali pafupi ndi bwalo lalikulu la ndege. Zinkadutsa pamwamba pathu tsiku lonse, zina motsika mpaka kuona matayala. Ndikamayanika zovala ndinkaima, chopanira chili kukamwa, n'kumaziyang'ana mpaka zitalowa m'mitambo.

"Iyo ikupita kwanu iyo!" Felesiya ankakuwa pamwamba pa mpanda. "Ikwezereni dzanja ngati matola, mwina iima."

Mumtima ndegezo zinkandikhazika pansi. Ndinkati, bola zilipo. Tsiku likadzafika ndidzangowoloka msewu uwo.

Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa Yusufu. Nyumba ya amayi inafoleredwa malata. Mariamu anakula, anakwatiwa, ukwati wake ndinauonera pa chithunzi cha pafoni, nkhope ili yaing'ono ngati njere ya nandolo. Yusufu anatenga mkazi wake, Abiti Jafali, kubwera naye pamudzi pathu kuti azithandiza amayi kutunga madzi ndi kusinja. Mlamu wangayo ndinali nditamuona kawiri kokha. Anali wochepa mawu, ndipo ine anthu ochepa mawu ndimawaopa kuposa olongolola.

Tsono za pasipoti. Ife tinkalowa m'dzikomo ngati alendo odzacheza, ndi chidindo cha masiku ochepa. Masikuwo akamatha, anthu ankapereka mapasipoti awo kwa madalaivala a mabasi kuti akawadinditse kumalire, ngati kuti mwiniwake watuluka n'kulowanso. Chaka choyamba ndinkatero nanenso, mtima uli m'mwamba mpaka kabukuko katabwerera. Kenako dalaivala wina anasowa ndi mapasipoti a amayi atatu a ku Mangochi. Kuyambira tsiku limenelo yanga ndinaisokera mkati mwa pilo.

"Abiti Chikayiko," anatero Felesiya, "pasipoti si dzira kuti muziifungatira. Ikapanda chidindo ndi pepala chabe."

"Bola pepala langa lili pamutu panga."

Zaka zinadutsa lili pamutu panga. Kumudzi sindinapitenso, poopa mafunso a kumalire. Ndinkati chaka chamawa, ndikamaliza ichi, ndikamaliza icho.

Lachisanu lililonse ndinkaimba foni. Yusufu ankati amayi ali bwino, ukalamba basi. Akawapatsa foni, mawu awo ankamveka ochepa, koma anali awo.

"Mukudya, amayi?"

"Ndikudya."

"Mukusamba nokha?"

"Ndikusamba ndekha, mwanangu. Kumsana ndimakokera chitenje chonyowa."

Ndipo tisanadule ankafunsa funso limodzimodzi. "Ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka, amayi."

Linali Lachitatu, nyengo imene kwathu kumatentha mpaka mbuzi kubisala pansi pa nkhokwe. Ndinali nditagwada ndikupukuta mapazi a agogo aja pamene foni inalira m'thumba la epuloni.

"Achemwali," anatero Yusufu, "amayi atisiya. Itangotha swala ya m'bandakucha."

Sindinalire. Ndinaimirira, thaulo lili m'manja.

"Yusufu, tamvera bwinobwino. Musawasambitse. Wamva? Munthu aliyense asawavule. Ndikubwera pa ndege."

"Achemwali, kuno kukutentha."

"Apititseni ku mochale ku Liwonde."

"Amayi athu mufiriji, ngati nsomba? Ashehe ndikawauza chiyani?"

"Usiku umodzi wokha, Yusufu. Ndinalumbira. Sindinakupemphepo kanthu chibadwire, lero ndakupempha."

Kumbuyo kwake ndinkamva akazi akulira ndi ndowa zikugundana.

"Chabwino, achemwali. Tidikira."

Bwana anali munthu wachifundo. Anasiya tiyi wake n'kuyamba kufufuza pafoni. Ndege ya ku Chileka ya tsiku limenelo inali itadzaza, malo analipo mawa lake m'mawa. Pamenepo ndinaphunzira kuti maola awiri aja ali ndi nthawi yake yoyambira, ndipo woisankha si iwe. Anandigulira tikiti. Kenako anandiuza kuti ndibweretse pasipoti. Ndinang'amba pilo. Anatsegula masamba, kuyang'ana chidindo chomaliza, n'kugwira pamphumi. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti pabwalo la ndege adzandilola kutuluka, koma adzanditsekera khomo kwa zaka, ndipo iye sangadikire zaka, mayi ake akufunika wowasambitsa mawa lomwe.

Madzulo ake Felesiya anandipeza ndikulongedza.

"Khalani pansi kaye. Pitani pa basi, madalaivala amadziwa podutsitsa anthu ngati inu. Mukafika, mukalira, mukachita sadaka, mubwerera kuntchito. Maliro mwawaphonya kale, mwambo wanu mukuudziwa kuposa ine."

"Yusufu wanena kuti adikira."

"Mukataya ntchitoyi amayi adzuka? Mariamu ali ndi pakati, mwanayo adzavala chiyani?"

"Wanena kuti adikira."

Anaomba m'manja kamodzi. "Inu, Abiti Chikayiko! Inu amene mumanunkhiza mchere wogula m'sitolo, lero mwakhulupirira mawu a pafoni?"

Anandiyang'ana, kenako anatuluka. Anabwerera ndi thaulo loyera latsopano ndi sopo wonunkhira, zimene ankasungira mwana wake. Anaziika pamwamba pa zovala zanga n'kutseka yekha chikwamacho.

"Mukawasambitse bwino," anatero. "Kumsana musakaiwale."

Ndinamuyang'ana mwamantha, kuganiza kuti mwina ndinayankhulapo kutulo. Koma ayi, anangonena monga anenera munthu aliyense amene anasambitsapo mayi wake.

M'mawa ndinawasambitsa agogo aja komaliza. Madzi anali bwino, koma ananditsinabe, ndipo sanafune kusiya mkono wanga.

Pabwalo la ndege mayi wa yunifolomu anatsegula pasipoti, kuwerenga ndi chala, kundiyang'ana, kuwerenganso. Anandipititsa m'kachipinda, anandilembera pepala, anadinda. Sanandikalipire. Anagwira ntchito yake. Chidindocho chinalira kamodzi, ndipo zaka zanga zonse za ku Joni zinathera pomwepo.

Za m'ndege ndilibe zambiri zonena. Anandimanga lamba pamimba. Makutu anatseka. Pawindo panali mitambo yokhayokha ngati thonje losakolola. Anabweretsa chakudya m'kabokosi, sindinachitsegule. Ndinkangobwereza mumtima dongosolo la kusambitsa maliro: kuyamba kudzanja lamanja, katatu, madzi ofunda, tsitsi kuliluka patatu. Ndisanamalize kuganiza za amene ndidzamulole kugwira nsalu, ndinaona mapiri ndi madenga a malata, matayala n'kugunda pansi. Maola awiri aja anali oona. Pa zonse zimene ndinauzidwa, chimenecho chokha n'chimene sichinali bodza.

Kenako dziko lathu linandilandira ndi mayendedwe ake. Kuchoka pa Chileka kufika ku Limbe. Pa Limbe minibasi inaima kudikira kuti idzaze, kondakitala akukuwa kuti yatsala munthu mmodzi, munthu mmodziyo osabwera. Ndinabwereka foni kwa mayi amene ndinakhala naye pampando.

"Yusufu, ndatera. Ndili pa Limbe. Auze atenthetse madzi."

"Fikani kaye, achemwali."

Zomba. Kutsitsa matumba, kukweza matumba. Pa Liwonde kusintha galimoto, kudikiranso. Pofika pa Ntaja dzuwa linali litapendeka, ndipo msewu wa m'dziko langa lomwe unali utandidyera nthawi yoposa kawiri ya m'mwamba ija. Ntaja ndinamupeza atasintha, masitolo atsopano, nkhope zosazidziwa. Ndinakwera kabaza ya bambo wina wa ndevu zoyera n'kumuuza mudzi.

Titapalasa pang'ono anatembenuza mutu. "Mukupita kumaliro adzulo aja? Pepani, mayi. Anthu analipo ambiri."

"Adzulo ati?"

"A mayi awo a Che Yusufu. Tinakaika itangotha swala ya masana. Inenso jeneza ndinanyamula nawo."

"Imani."

"Sitinafike, mayi."

"Ndati imani."

Ndinatsika, ndinamulipira, ndinasenza chikwama pamutu. Mtunda wotsalawo ndinayenda wapansi. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinkafuna kuti pakhale kanthu kamodzi paulendowu kamene ndafika nako ndi miyendo yanga.

Pakhomo panali mikeka ndi akazi ochepa. Atandiona anayamba kulira, monga mwa mwambo. Ndinawadutsa n'kulowa m'chipinda cha amayi. Bedi anali ataliimika kukhoma. Pansi, pakona pamene anasambitsira, dothi linali lisanaume. Ndinagwada n'kuligwira. Linali lozizira.

Yusufu anali pakhonde ndi amuna anzake. Ndinatsegula chikwama, kutulutsa thaulo ndi sopo, n'kuziika pamapazi pake. Amuna aja ananyamuka mmodzimmodzi.

"Unanena kuti mudikira."

"Ndikanati chiyani, achemwali? Pamene ndinkakuimbirani madzi anali kale pamoto. Ashehe anali pakhonde pano, amuna ali kumanda akukumba. Kutentha mukukuona nokha. Ndikanakuuzani zoona mukanagwa komweko, kwa eni ake, popanda wokugwirani."

"Ndataya ntchito chifukwa cha 'tidikira' wakoyo. Andidindira. Sindingabwererenso."

"Mwabwera kwanu."

"Unandinamiza, Yusufu, maliro a amayi ali m'nyumba."

Anayang'ana sopo uja, kenako anati, motsitsa mawu, "Achemwali, ndegeyo zaka zonsezi inalipo."

Ndinatola chikwama changa n'kulowa m'nyumba.

Kwathu akazi salowa kumanda. Mawa lake anandiperekeza mpaka m'mphepete mwa mitengo n'kundilozera mulu wa dothi lofiira, patali ngati apa ndi pamsewu. Ndinaima pamenepo. Ndinati, amayi, ndabwera.

Tsono ndinayamba ntchito imene ndimaidziwa bwino, ya kumvetsera. Ndinkapita kuchitsime nthawi imene akazi achuluka, n'kumachedwa dala kutsuka ndowa. Ndinkaima kuseri kwa mipanda. Awiri akaseka ine ndikudutsa, ndinkafunsa mumtima kuti akuseka mawanga a pamimba kapena a kumsana. Mwana akandiyang'anitsitsa ndinkati wamva kwa amake. Ndinafufuza mayina a akazi onse anayi amene analowa m'chipinda muja tsiku lija, ndipo aliyense ndinkamupatsa moni ndikumuyang'ana pakamwa. Sindinamve kanthu. Kusamvako kunandiopsa kwambiri. Ndinati ndiye kuti agwirizana kuti azinena ine kulibe.

Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, alendo atabalalika, ndinamupeza Abiti Jafali yekha kuseri kwa nyumba akupeta nandolo.

"Alamu, munaona chiyani pansi pa nsalu?"

"Ndinaona apongozi anga."

"Musandizungulire. Mawanga. Anaonanso ndani? Mwauza angati?"

Anaika lichero pansi. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso.

"Alamu, mawangawo ndawaona zaka ziwiri, m'mawa uliwonse. Miyendo yawo itafa, mukuganiza kuti ankawanyamula ndani kupita kubafa? Malata munatumiza aja?"

"Miyendo itafa? Amayi ankandiuza kuti akusamba okha."

"Ankatiletsa kukuuzani. Ankati mungasiye ntchito. Inu mukaimba ankandiuza kuti ndiwakhazike tsonga, mawu amveke amphamvu, kenako ndituluke." Anatola kamwala m'nandolo n'kukataya. "Tsiku la maliro ndinasambitsa ndekha. Atatu enawo anagwira nsalu ndi kuthira madzi, ndinawauza kuti ayang'ane kukhoma. Palibe anaona. Ndi mmene anandiuzira eni ake."

"Anakuuzani inu?"

"Chaka chatha, nthawi ya mvula. Anati, mwana wanga uja analumbira, koma Joni n'kutali, sadzakwanitsa. Udzachite ndiwe. Ndipo usadzamuuze kuti ndinakupempha, angadzalire kawiri."

"Nanga mwandiuziranji?"

"Chifukwa masiku makumi anayi mwakhala mukundiyang'ana ngati wakuba. Ndatopa, alamu. Inenso ndaferedwa."

Anatola lichero n'kupitiriza kupeta.

Ndinayenera kugwada pamenepo n'kugwira mapazi ake. Ndikudziwa. Koma ndinaima chilili, ndikusanthula mawu ake kuti ndipezemo bodza, monga iye ankasanthulira miyala m'nandolo. Sindinalipeze. Ndinapita kukakhala m'bafa la udzu lija, ndipo m'menemo ndi mmene ndinalira maliro a amayi koyamba.

Chimene chimandidya mpaka lero si Yusufu ayi. Ndi funso lija la Lachisanu lililonse. Amayi anali atapeza kale wowasambitsa. Ankadziwa kuti sindidzafika. Nanga ankandifunsiranji kuti ukukumbuka? Ndaganiza zaka zambiri, ndipo yankho limene ndimapeza ndi limodzi: sankaitana munthu wodzasambitsa mtembo. Ankaitana mwana wawo, adakali ndi maso omuonera, koma pakamwa pawo sipakanatha kunena kuti siya ntchito ubwere. Ine ndinkamva za tsiku lomaliza lokha, n'kumayang'ana ndege zikudutsa, mtima uli m'malo.

Abiti Jafali sindinamuthokoze ndi pakamwa. Ndinkangomutungira madzi, kumusiyira nkhuni pakhomo osanena kuti ndine. Patapita zaka anadwala chifuwa, ndipo atamwalira ndinauza akazi aja kuti agwire nsalu ayang'ane kukhoma. Ndinamusambitsa ndekha, kuyambira kudzanja lamanja. Zimene ndinaona pansi pa nsaluyo sindilemba pano.

Felesiya sindinamuonenso. Ndinamva mochedwa kuti anabwera kwawo m'bokosi, pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, masiku anayi panjira. Akhristu amadikira. Ndinakwera sitima kupita ku Nkaya, ndinapeza atamuika kale sabata yapitayo, koma kwawoko akazi amafika pamanda, ndiye ana ake anandiperekeza mpaka pamtanda. Ndinamuuza kuti ananena zoona. Akanakhala moyo akanati ndibwerezenso kuti anthu amve.

Yusufu anakwatiranso, amakhala ku Balaka. Timapatsana moni pa Idi. Mariamu ukwati unatha, nayenso anapita ku Joni, ali m'nyumba ya eni ake akulera ana a eni ake. Ndinamuletsa, anaseka. Mwana wake ndinalera ndine, tsopano ali kusukulu yogonera komweko, amabwera patchuthi n'kumandinena kuti agogo mumakhoma chitseko ngati muli ndi golide.

Golide ndilibe. Pansi pa bedi pali sutikesi, m'menemo muli sanda yanga, nsalu yoyera yodula kale, ndinagula ndekha kuti pasadzakhale wonamizira kuti akudikira ndalama. Mariamu sindinamulumbiritse kanthu, ndipo sindidzatero.

Ndiye inu amene mwawerenga mpaka pano, ngati njira yanu idzadutsa pa Ntaja, funsani a kabaza za mayi amene anabwera ku Joni pa ndege. Onse amandidziwa, ena amandiseka. Nyumba yanga ndi ya malata akale, chitseko chobiriwira. Musabweretse kanthu, chakudya cha eni sindidya. Mungogogoda, n'kutchula dzina lanu ndi la kwanu, kawiri. Ndimachedwa kutsegula, musakhumudwe, ndimakhala ndili kuseri kwa chitsekocho ndikumvetsera mapazi anu. Koma tsiku limene mudzagogode katatu osamva ngakhale kutsokomola, musadzapite poganiza kuti ndi nkhanza zanga zija. Mudzakankhe chitseko. Mudzaitane akazi amene ali pafupi, aliyense amene ali ndi manja. Ndipo mwana wanga mukadzamuimbira, mudzamuuze zoona, kuti madzi ali kale pamoto.